Lachinayi la Bambo Lolke

"Tandiwerengereni pamene pali dzina langapo," anatero Bambo Lolke Postma, akukankhira kalata pakati pa tebulo, pafupi ndi mbale ya tchizi. "Mwina magalasi angawa akalamba. Akuti ndine ndani?"

Renske, mwana wawo, sanaigwire kalatayo, pakuti ankadziwa kale za m'kati mwake. Mwamuna wake Hidde ndiye anaitola n'kuiwerenga mokweza, mawu ali pansipansi ngati wolengeza maliro. Komiti yopereka ndalama za kafukufuku wa zaumoyo inkaitana Dokotala Renske Postma ku Utrecht pa 9 Epulo, pamodzi ndi Bambo L. Postma, mlangizi woimira odwala, kuti akafotokoze ndi pakamwa pawo mawu amene analemba pa tsamba 14. Ndalama ya sitima adzawabwezera.

"Mlangizi," anatero mkuluyo, akulitafuna liwulo. "Zaka makumi anayi ndinayendetsa galimoto ya mkaka. Ng'ombe zonse za ku Friesland kuno zikundidziwa, koma palibe ndi imodzi yomwe imene inanditsina khutu kuti ndine mlangizi. Ndinalangiza liti, iwe Renske?"

"Munasaina, bambo."

"Liti?"

"Mu Januwale. Tsiku la mpikisano wa pa ayezi lija."

Apa ndiye mkulu uja anatsamira kumbuyo n'kupukusa mutu. Munthu wakuno akamaonera anyamata akutsetsereka pa madzi oundana, mutha kumusainitsa ngakhale kalata yogulitsa nyumba yake, bola musamuimire kutsogolo kwa kanema. Iwo ankayesa kuti akusainira katundu wa ku positi.

Anafuna kumva za pa tsamba 14. Hidde, amene akanachita bwino kukhala chete monga mkamwini wodyera pakhomo pa apongozi, anathamanga kukatsegula kompyuta ya mkazi wake, nawerenga: "Ine, monga wodwala mtima wa zaka 76, ndatopa ndi kupita ku kachipatala ka m'mudzi sabata ili yonse. Kachipangizo kameneka kadzandimasula. Ndikulakalaka tsiku limene kompyuta idzandiyang'anira ndili phee kunyumba kwanga."

"Kadzandimasula," anatero Bambo Lolke. "Wandimanga ndani? Hidde, ukuona chingwe pamwendo pangapa?"

Hidde anasuzumira pansi pa tebulo, n'kunena kuti iye sakuonapo kanthu, apongozi, kupatula masokosi osiyana. Renske anamuponyera diso limene linamubweza ku buledi wake.

Musamuone ngati wakuba Renskeyu. Zaka zisanu ndi chimodzi anathera pa ntchito imeneyi, ndipo chinthucho chinkagwiradi ntchito. Kanali kachipangizo komata pachifuwa, kotumiza kugunda kwa mtima ku kompyuta imene anaiphunzitsa ndi zolembedwa za odwala zikwi mazana awiri, mpaka inafika pozindikira mtima woti ufooka kudakali masiku anayi. Vuto linali pa fomu yopemphera ndalama. Komiti ija inaikapo bokosi loti wodwala weniweni anenepo maganizo ake, ndipo lamulolo si loipa ayi. Koma kusonkhanitsa odwala, kuwafunsa, kumvetsera madandaulo awo, ndi ntchito ya miyezi, pamene fomu inkatsekedwa Lachisanu 2 koloko masana. Pulofesa wake anangomufunsa m'khonde, ali ndi kapu ya khofi m'manja, ngati analibe munthu wodwala kunyumba. Ku ofesi kwawoko ndiwo unali mwambo. Wina anaikapo azakhali ake, wina apongozi, wina woyandikana naye nyumba wosamva makutu onse awiri. Odwala a m'mafomu amenewa onse ankalankhula bwino zedi, ndipo onse ankafuna ndendende chimene wofufuzayo ankagulitsa.

"Aliyense amatero, bambo," anatero Renske. "Ndinalibe nthawi."

"Timadya tebulo limodzi m'mawa ndi madzulo. Nthawi yondiuza kuti ndichepetse mchere umaipeza tsiku lili lonse. Yondifunsa funso limodzi ndiyo inasowa?"

"Ndinaganiza kuti ndi zimene mukanayankha. Ndani amakonda kupalasa njinga pa mphepo kupita kukayezedwa?"

"Kandimverere anakanena za m'maluwa, mwanangu. Ukawauze anthu a ku Utrecht kuti mlangizi wawo akubwera, ndipo akanena zake."

Pamenepo Renske anaika mpeni pansi n'kunena mosapsatira. Ntchito yake ku yunivesite inkatha mwezi wa Juni. Ndalama zija, mayuro zikwi mazana asanu ndi atatu, zikapezeka, ndiye kuti ali ndi zaka zina zisanu pompano. Zikapanda kupezeka, ntchito imene inalipo inali imodzi yokha, ku Maastricht, kumapeto kwenikweni kwa dziko, ulendo wa maola anayi ndi theka pa sitima. Hidde, wokonza makina okamira ng'ombe, akanapeza ntchito kulikonse kuli ng'ombe. Koma Bambo Lolke onse ankawadziwa: nyumba iyi anabadwiramo, ndipo ananena kale kuti adzatulukamo atanyamulidwa ndi anthu asanu ndi mmodzi.

"Ndiye mukanena zanuzo, ife tikusamuka," anamaliza motero Renske.

Mkuluyo anakoka mbale ya tchizi ija. Anadula tchizi chopyapyala, chifukwa ngakhale mkangano utakula bwanji, tchizi sichidulidwa mowononga m'nyumba ya a Postma, nadya.

Masiku atatu m'nyumbamo munali zii. Bambo ndi mwana ankapatsana moni wokhawokha ngati anthu okumana m'basi. Lamulungu, atamwa khofi wa m'mawa, Renske anawapeza bambo ake ataweramira mapu akale a msewu aja ankayenda nawo pa galimoto ya mkaka, chala chikutsika pang'onopang'ono kuchokera kumtunda mpaka pansi penipeni, pamene pali Maastricht. Atamuona anapinda mapuwo msanga.

"Bweretsa pepala lako lija," anatero. "Ngati ndili mlangizi, ndidziwe zimene ndinalangiza."

Renske mtima unakhala pansi. Anadziuza kuti bambo ake aganiza mofatsa, aona kuti sayansi ndi yabwino. Ophunzira kwambiri ali ndi vuto limeneli: munthu akawagonjera, amayesa kuti wagonjera mfundo zawo.

Maphunziro anayamba madzulo omwewo, atangotha kudya mbatata yosinja ndi soseji. Hidde anabwereka magalasi a apongozi ake, nawakhazika kunsonga kwa mphuno, n'kukhala komiti yonse yekha. Ankasintha mipando ndi mawu omwe. Akakhala pampando wa pafupi ndi zenera anali pulofesa wokhosomola, akasamukira wa pafupi ndi chitofu anali mayi wa zachuma wosaseka.

"Bambo Postma, tatiuzani, ku kachipatala kuja mumavutika bwanji?"

"Ndimavutika kwambiri, bwana. Mvula, mphepo, chipale. Tsiku lina mphepo inandinyamula ndi njinga yomwe n'kukanditula m'ngalande, abakha n'kumandizungulira."

"Bambo, za abakhazo palibe pa pepala," anatero Renske.

"Bodza ukaliphika uzithirako mchere, mwanangu. Lakoli ndi lozizira. Ndani angapereke mayuro zikwi mazana asanu ndi atatu chifukwa cha nkhalamba yongotopa?"

Anagwirizana kuti abakha achoke koma ngalande ikhale. Pofika sabata yachiwiri mkuluyo anali ataloweza zonse, mpaka ankadziwa poima kuti apume ndi pogwira pachifuwa. Hidde ananena kuti apongozi anataya nthawi ndi mkaka, akanakhala phungu wa nyumba ya malamulo. Iwo anayankha kuti phungu amanama popanda kuyeserera, choncho mkamwini asawanyoze anthu aluso.

Lachinayi la sabata imeneyo kunadzuka mphepo yoti ngakhale munthu wakuno n'kuisiya njinga. Renske ankagwirira ntchito kunyumba tsikulo, ndiye anati awaperekeze bambo ake pa galimoto ku kachipatala kuja, poti Lachinayi ndilo linali tsiku lawo lokayezedwa. Anadabwa kuona bambo ake akutsika masitepe atameta ndevu bwinobwino, malaya ositidwa, tsitsi lopesedwa ndi madzi. Zaka zonsezi iye ankachoka m'mamawa kupita ku mzinda, ndipo anali asanaonepo bambo ake a Lachinayi.

Kachipatalako kanali chipinda chakumbuyo kwa holo ya m'mudzi. Pabenchi panali kale nkhalamba zinayi, aliyense kapu ya khofi m'manja ndi bisiketi imodzi, imodzi basi, chitini n'kutsekedwa. Bambo Lolke atangolowa phokoso linabuka. Wina anawafunsa ngati abwera ndi mwana kuti awagwire dzanja pobayidwa jakisoni, iwo n'kubweza kuti abwera naye kuti aone anthu amene manda anawaiwala. Renske anakhala pakona, chikwama pamiyendo. Anamva bambo ake akuseka chikhakhali, kuseka kumene anakumva komaliza amayi ake adakali moyo.

Namwino wake anali Mayi Baukje, mzimayi wamfupi wa manja akuluakulu. Anawakweza Bambo Lolke pa sikelo, nawakalipira za nsomba zamchere zimene anakana kuti sanadye koma fungo linawaulula. Kenako anawakhazika pansi, nagwira dzanja lawo pamkono, n'kukhala chete akuyang'ana wotchi. Mkulu uja anatseka maso. Mphindi inatha, Mayi Baukje sanalisiye dzanjalo. Anapitiriza kuligwira uku akufunsa za maluwa a kumanda, za bondo, za mkamwini ngati waphunzira kutseka geti.

Pamene bambo ake ankavala jekete panja, Renske anatsalira. Mayi Baukje anamuyang'ana akumwetulira.

"Ndiwe uja ukufuna kutipumitsa ntchito? Ndamva kuti kafukufuku wako ayambira pa ife pano. Usachite manyazi, kachipangizo kako ndi kabwino, ndinawerenga. Kungoti ine mtima ndimaumvera ku nsapato. Bambo akowa akalowa zingwe zosamanga, ndimadziwa kuti mapazi atupa ndipo sakufuna kunena. Chimwalirireni mayi ako, zaka zitatu tsopano, sanajombepo ndi Lachinayi limodzi lomwe. Tsiku lina anabwera ndi chimfine choti n'kugona nacho, ati kuopa kuti anzawo angawadyere bisiketi."

Renske anaseka nawo, koma maganizo ake anali pa fomu ija. Pa tsamba 9 la fomu yake analemba yekha, monyadira, kuti m'mudzi woyambirira maulendo a ku kachipatala adzatsika ndi asanu ndi awiri pa khumi alionse, ndipo chipinda cha Lachinayi sichidzafunikanso. Chiganizo chimenecho ndicho pulofesa anachitcha mtima wa pempho lonse.

M'galimoto anayesa kuyamba nkhani. Anati, "Bambo, kodi kumene kuja..." Koma mkuluyo anayang'ana kunja kwa zenera n'kuyamba kulakatula kuti iye monga wodwala mtima wa zaka 76 watopa ndi kupita ku kachipatala sabata ili yonse. Analakatula mpaka pageti, osaphonya ndi liwu limodzi.

Tsiku la ku Utrecht linafika. Anakwera sitima ya m'mawa, Bambo Lolke atavala suti imene anaikira mkazi wawo m'manda, m'thumba muli buledi wa tchizi wokulunga, poti zakudya za pa siteshoni ndi umbava. Chipinda cha komiti chinali pansanjika yachisanu. Anthu asanu ndi awiri anakhala mondondozana kuseri kwa tebulo lalitali, aliyense ndi tambula ya madzi. Wapampando anali mayi wa imvi zodulidwa mwaufupi, ndipo anawauza kuti ali ndi mphindi makumi awiri.

Renske anafotokoza zake bwino. Manambala ake anali olimba, ndipo pulofesa wina amene anayesa kumukola ndi funso anangotsala akugwedeza mutu. Kenako wapampando anatembenukira kwa mlangizi woimira odwala.

Abale, mkulu uja anavina gule wake. Anayamba motsitsa, napumira pamene anapangana, nagwira pachifuwa pamene anapangana. Ngalande inalowa pa nthawi yake. Abakha amene anathamangitsidwa kunyumba aja anabwereranso, ndipo tsopano anali asanu ndi mmodzi. Mayi wa zachuma, amene analipodi ndipo sankasekadi, anaseka. Renske anaona zolembera zikuthamanga pa mapepala, nadziwa kuti ndalama zija zalowa m'thumba.

Wapampando anavula magalasi. "Bambo Postma, mwalankhula momveka. Funso langa ndi limodzi. Chipinda chimenechi chikatsekedwa, palibe chimene mudzachisowe kumeneko?"

Funso limeneli Hidde sanalifunsepo pa mipando yake yonse ija. Bambo Lolke anayang'ana manja awo patebulo. Chala chawo chachikulu chinkasisita pamkono pa dzanja linalo. Kenako anadzutsa mutu n'kumwetulira.

"Palibe, mayi. Ndi kutaya nthawi chabe. Nkhalamba zokhazokha ndi khofi wozizira."

Renske zinamulasa mumtima. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, manyazi oona bambo ako akudzivula pamaso pa alendo chifukwa cha iwe. Anamva mawu ake omwe akutuluka asanawalole.

"Pepani, wapampando. Mawu a pa tsamba 14 ndinalemba ndine. Bambo anga sindinawafunse, ndipo palibe wodwala wina amene ndinamufunsa. Anasaina osadziwa chimene akusaina. Chipinda chimenecho amachikonda kuposa malo ena alionse."

Zolembera zija zinaima. Wina anamwa madzi. Wapampando anavalanso magalasi ake, nathokoza Dokotala Postma chifukwa chonena zoona, ndi mawu aulemu amene munthu amathokozera dokotala womuuza kuti dzino lichotsedwa. Ndiye anafunsa Bambo Postma ngati anali ndi choonjezera.

"Ndinene chiyani, mayi? Poyamba anandipatsa mawu osakhala anga. Ndawasenza masabata atatu, ndayamba kuwazolowera, wandilandanso. Mundibwezere ya sitima ija basi."

Pobwerera sitima inaima pa siteshoni ya Zwolle. Kumeneko mkuluyo anatulutsa buledi uja, nagawa pakati, n'kumupatsa mwana wake gawo lalikulu osamuyang'ana. Anangoti wawachititsa manyazi pamaso pa anthu asanu ndi awiri a magalasi. Renske anayankha kuti bodzalo anawasenzetsa kalekale, si lero. Iwo anati inde, koma nthawi imeneyo linali bodza la pakhomo, lodziwa eni ake okha.

Yankho linabwera patapita masiku khumi ndi awiri. Komiti inayamikira luso la kafukufukuyo m'ndime zitatu, n'kumukana m'chiganizo chimodzi. Ndalama zinapita kwa mnzake wa pa ofesi uja, amene azakhali ake akuti anafika pogwetsa misozi pa mphindi yoyenera, ndipo kafukufuku wake anali wa matenda a shuga m'chigawo china. Pulofesa anamuuza Renske m'khonde lomwe lija kuti chilungamo ndi chinthu chabwino kwambiri, makamaka munthu akachisunga mpaka ndalama zitalowa. Madzulo ake Renske analembera a ku Maastricht kuti ayamba pa 1 Julayi.

Anawauza bambo ake m'mawa mwake, pa tebulo lomwe lija. Hidde anaona mmene nkhope zinalili, natola buledi wake n'kukadyera ku galaja.

Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinamuwawa Renske kuposa kukalipa. Anayamba kudziteteza asanaimbidwe mlandu. Anati sakanatha kukhala chete. Anati anaona yekha mmene amasekera kumene kuja, mmene Mayi Baukje amawagwirira dzanja. Anati azibwera kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndi pa Khirisimasi, ndipo foni ilipo.

"Ndinachitira inu, bambo. Chipinda chanu sichitsekedwa tsopano. Lachinayi lanu lilipo."

"Lilipo," anavomera mkuluyo. "Safunsa anadya phula, ndinkayesa phunziro limeneli unalimva ulendo woyamba uja. Kawiri konse wandiganizira, mwanangu, ndipo kawiri konse sunandifunse. Ukuyesa ndinaloweza zonse zija chifukwa chokonda kompyuta? Ndinakhala pansi ndi mapu, ndinawerengera ndekha. Ndine munthu wa mkaka ine, ndimadziwa chidebe chachikulu ndi chaching'ono."

"Mukanandiuza."

"Ukanandifunsa." Mkuluyo anamuthirira khofi. "Iwe ndiwe wa manambala, tawerengera. Sabata ili ndi masiku asanu ndi awiri. Wandipulumutsira limodzi, wanditengera asanu ndi limodzi."

Renske anakoka kapu ija. Misozi inatsikira m'kapumo, bambo ake akumuuza kuti amwe msanga khofiyo asanazizire.